Crescent ndi croissant: liwu limodzi limene linalowa m'Chingerezi kawiri

Funso la lero lachokera kwa mtsikana wina wa ku Mabvuku amene wangoyamba ntchito pa bekale ina ku Avondale, mumzinda uno wa Harare ku Zimbabwe. Walemba kuti: "Aphunzitsi, abwana anandituma kulemba mitengo pa bolodi. Ine ndinalemba crescent chifukwa timabuledi take n'topindika ngati mwezi, koma iwo anafufuta n'kulemba croissant. Kunyumba agogo aamuna, amene ndi Msilamu, akuti crescent ndi mwezi uja umakhala pamwamba pa mzikiti. Achimwene akuti ayi, ndi dzina la msewu. Kasitomala wina wa ku Congo anandiuza kuti kwawo zonsezi ndi liwu limodzi. Akunena zoona ndani? Nanga nditchule bwanji kuti ndisachite manyazi pa kauntala?"

Achemwali, onse mwawatchulawa anena zoona, ndipo inunso simunasochere patali monga mukuganizira. Koma pa bolodi ya mitengo abwana anu anakonza bwino, choncho muzilemba croissant. M'Chingerezi cha lero croissant ndi chakudya basi, kabuledi ka batala kothetheka kaja mumagulitsa m'mawa. Crescent ndi maonekedwe opindika, onenepa pakati ndi osongoka mbali zonse ziwiri ngati zenga kapena nyanga za ng'ombe. N'chifukwa chake liwuli mumalipeza pa mwezi, pa mzikiti, pa mbendera ndi pa chikwangwani cha msewu. Mngelezi sanganene kuti kumwamba kwatuluka croissant, ndipo sangalowe m'bekale kukagula crescent. M'Chifalansa ndiye mulibe mpanda umenewu. Liwu limodzi lomweli, croissant, limagwira ntchito zonse, ndipo mnzanu wa ku Congo, amene sukulu anaphunzira m'Chifalansa, ankanena zimenezo.

Kuti mumvetse chimene chinalekanitsa mawuwa, tiyambire kwa Aroma akale. M'Chilatini munali mneni woti crescere, kutanthauza kukula. Mwezi ukakhala, n'kumawonjezeka usiku ndi usiku, iwo ankati luna crescens, mwezi womakula. Liwulo silinkanena chilichonse za kupindika. Linkanena za kukula, monga mwana amakulira kapena chimanga m'munda. Ine mfundo imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa makolo athu anaona chinthu chomwecho. Pali nthano yakale ya Anyanja yoti mwezi uli ndi akazi awiri. Wa kumadzulo, nyenyezi yowala ija imaoneka dzuwa likangolowa, ndi Puikani, ndipo amadyetsa bwino mwamuna wake mpaka anenepe n'kukhala wathunthu. Wa kum'mawa, nthanda, ndi Chekechani, amene amamumana chakudya mpaka aonde n'kutsala kachidutswa. Akasayansi amatiuza kuti nyenyezi ziwirizi ndi chinthu chimodzi, pulaneti ya Venus, koma maso a makolo sananame pa za mwezi: kachidutswa kooneka kumadzulo madzulo kakukula, kooneka kum'mawa m'bandakucha kakutha. Luna crescens wa Aroma ndi mwezi uli kwa Puikani.

Chilatini chitasanduka Chifalansa m'kamwa mwa anthu a ku Gaul, kumene lero ndi ku France, crescere anafika pokhala croître, ndipo chinthu chomakula chinatchedwa creissant, kenako croissant. Mpaka lero mwana wa sukulu ku Kinshasa kapena ku Paris akauzidwa kuti alembe manambala mu ordre croissant amadziwa kuti ayambire wamng'ono kupita kwa wamkulu, ndipo ordre décroissant ndi kutsika. Chuma cha dziko chikamakwera amati croissance. Kwa iwo tanthauzo la kukula silinafe.

Ulendo woyamba wa liwuli wopita ku England unatsatira nkhondo. Mu 1066 a Norman, olankhula Chifalansa, anagonjetsa England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa chinali chilankhulo cha kunyumba yachifumu ndi m'makhoti. Mawu ambirimbiri analowa m'Chingerezi nthawi imeneyo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1300 Angelezi anali akulemba cressaunt ponena mwezi wongokhala kumene. Patapita nthawi, anthu ophunzira amene ankalemekeza Chilatini anakonzanso kalembedwe kuti kafanane ndi crescens, n'kubwezeretsamo s ndi c. Ndiye chifukwa chake mu crescent muli c wachiwiri amene sitimutchula. Atakhalitsa m'Chingerezi, liwuli linaiwala za kukula n'kugwira za maonekedwe. Umboni wake ndi woti Angelezi amanena waxing crescent ponena kachidutswa komakula, komanso waning crescent ponena komatha. Mukatsata mizu ya mawu achiwiriwa ndiye kuti akunena "chomakula chimene chikuchepa", koma palibe amamva kutsutsanako chifukwa crescent anasanduka dzina la mpindiko. Abale ake a liwuli akadalipo ndipo mumawadziwa: increase, decrease, recruit, ndi crescendo uja aphunzitsi a kwaya amafuula akafuna kuti mukweze mawu pang'onopang'ono. Onsewa gwero lawo ndi crescere.

Msewu wa achimwene anu unabwera motere. Mumzinda wa Bath ku England, pakati pa 1767 ndi 1774, katswiri wa zomangamanga John Wood wamng'ono anamanga nyumba 30 zolumikizana mu mzere wokhota ngati uta, ndipo malowo amatchedwa Royal Crescent. Anthu anazikonda, mizinda ina inatengera, ndipo crescent anakhala dzina la msewu uliwonse wokhota umene umachoka mumsewu waukulu n'kukabwereranso momwemo. Amene anajambula mapu a Salisbury, mzinda uno usanatchedwe Harare mu 1982, anabwera ndi chizolowezi chomwecho. Mukaona Cres. pa envulopu kapena pa chikwangwani, dziwani kuti msewuwo ndi wokhota.

Za agogo ndi zazikulupo. Mwezi wongokhala kumene, umene m'Chiarabu amati hilal, ndi umene umatsegula mwezi uliwonse pa kalendala ya Chisilamu. Mwezi umatenga masiku pafupifupi 29 ndi theka kuti ubwerere pomwe unayambira, choncho miyezi ya Chisilamu imakhala ya masiku 29 kapena 30, ndipo chaka chimakhala ndi masiku 354 kapena 355. Ndiye chifukwa chake Ramadan imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, ndipo agogo amatuluka panja madzulo kukasuzumira kumadzulo ngati mwezi wakhala. Chizindikiro cha mwezi wopindika chinalipo kale Chisilamu chisanayambe, koma chinafala kwambiri m'mayiko a Asilamu kudzera mu ufumu wa Ottoman, ufumu wakale wa anthu a ku Turkey, ndipo lero chili pa mbendera za Turkey, Pakistan, Tunisia ndi Algeria. Pa nkhondo ya ufumu wa Ottoman ndi Russia ya m'ma 1870, opereka chithandizo kwa ovulala a mbali ya Ottoman anagwiritsa ntchito mwezi wofiira m'malo mwa mtanda wofiira, ndipo chizindikirochi chinavomerezedwa m'pangano la ku Geneva mu 1929. Kuno ndi kumudzi ku Malawi tili ndi Red Cross, mayiko ambiri a Asilamu ali ndi Red Crescent. M'Chifalansa amati Croix-Rouge ndi Croissant-Rouge. Mfalansa akamva Croissant-Rouge saganiza za buledi wofiira ayi, amangomva mwezi.

Ulendo wachiwiri ndi wa chakudya, ndipo sunayambire ku France monga ambiri amaganizira. Ku Austria kunali kabuledi kopindika kotchedwa kipferl, kamene kamatchulidwa m'zolembedwa kuyambira zaka za m'ma 1200. Cha mu 1838 kapena 1839, munthu wa ku Austria dzina lake August Zang, amene kale anali msilikali, anatsegula bekale ya zophika za ku Vienna mumsewu wa rue de Richelieu ku Paris. Malonda anayenda, ophika a ku Paris anayamba kutsanzira, ndipo kabulediko anakatcha dzina la maonekedwe ake m'chilankhulo chawo: croissant. Mpaka lero Afalansa amatcha gulu lonse la zophika zotere viennoiserie, kutanthauza za ku Vienna. Angelezi anabwereka liwulo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, koma ulendo uno analitenga ndi kalembedwe kake ndi katchulidwe kake komwe, popeza linabwera ngati dzina la chakudya chachilendo. Choncho liwu limene linalowa kale n'kukhala nzika linapeza mbale wake akutsika sitima atavala zovala za ku Paris, ndipo sanazindikirane.

Zotere zimachitikanso m'Chichewa. Taganizirani kapitawo ndi kaputeni. Kapitawo tinatenga kwa Apwitikizi, capitão, ndipo kwa ife ndi woyang'anira antchito kumunda wa fodya kapena pa ntchito yomanga. Kaputeni tinatenga kwa Angelezi, captain, ndipo ndi wotsogolera timu ya mpira. Onse awiri kholo lawo ndi liwu la Chilatini caput, mutu. Palibe Mchewa angasokoneze awiriwa, ndipo palibe angatche kaputeni wa Flames kuti kapitawo. Crescent ndi croissant ali chimodzimodzi m'Chingerezi. Kholo ndi mmodzi, koma aliyense anafika nthawi yake n'kupatsidwa ntchito yake.

Pali nkhani ina imene mudzaimva ndithu, ndipo ndikufuna muimve kaye kwa ine chifukwa imakhudza agogo. Amati mu 1683, asilikali a Ottoman atazinga mzinda wa Vienna, ophika buledi amene ankagwira ntchito usiku anamva adani akukumba njira pansi pa linga, n'kuchenjeza mzinda, ndipo pokondwerera anaumba buledi wonga mwezi wa pa mbendera ya adaniwo kuti azimudya. Kuzingidwa kwa Vienna mu 1683 kunachitikadi. Koma za ophika bulediwo palibe umboni wa nthawi imeneyo, ndipo kipferl analipo kale zaka mazana angapo nkhondoyo isanachitike. Inanso ndi yoti Marie Antoinette, mwana wa mfumu wa ku Austria amene anakwatiwa ku France mu 1770, ndiye anabweretsa chakudyachi, ndipo nayonso ilibe umboni. Zimandiwawa ndikamva munthu akugwiritsa ntchito nthano ya 1683 ponyoza Asilamu, kapena pouza Msilamu kuti kudya croissant ndi kunyoza chipembedzo chake. Anthu a mayiko ambiri anaumba buledi wopindika pa zifukwa zawo. Ajeremani amamutcha Hörnchen ndipo Ataliyana cornetto, onse kutanthauza kanyanga, pamene ku Argentina amati medialuna, theka la mwezi. Ngati mukufuna kuwatengera agogo, chofunika kuyang'ana ndi chimene chaikidwa m'kati, chifukwa mabekale ena amaikamo hamu ya nkhumba. Wa batala yekha alibe vuto limenelo.

Popeza muli pa ntchito, ndikhalitse pang'ono pa chimene chimapangitsa croissant kukhala croissant, chifukwa pano ndi pamene pali kusiyana kwenikweni. Si kupindika. Kipferl wakale anali buledi wamba wofewa. Kaphikidwe kamene tikudziwa lero kanakhazikika ku France kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Wophika amakanda ufa wa tirigu ndi madzi kapena mkaka, yisiti, shuga, mchere ndi batala pang'ono, n'kuuika mufiriji. Kenako amatenga chibuma cha batala wozizira, amachiphwatalalitsa, n'kuchikulunga m'kati mwa ufa uja ngati kalata mu envulopu. Amayala ndi kamtengo kozungulira, amapinda patatu, n'kubwezera mufiriji. Akachita zimenezi katatu, batala amakhala atagawika m'timizere 27, popeza 3 kuchulukitsa ndi 3 kuchulukitsanso ndi 3 ndi 27, ndipo pakati pa kamzere kalikonse pali ufa wopyapyala ngati pepala. Akatero amadula zidutswa za makona atatu, amazipiringiza kuyambira kotambalala kupita kosongoka, n'kuzisiya kuti zifufume. Mu uvuni, madzi amene ali mu batala ndi mu ufa amasanduka nthunzi n'kukankha timizereto kuti titalikirane, mafuta n'kumakazinga kamzere kalikonse. Mukadula pakati croissant wophikidwa bwino mumaona zibowo ngati chisa cha njuchi, ndipo mukaluma nyenyeswa zimagwera pa malaya.

Ntchito yonseyi imadalira kuzizira. Batala amasungunuka kutentha kukapitirira pang'ono madigiri 30, ndipo akasungunuka asanalowe mu uvuni amalowerera mu ufa, timizere timatha, n'kutuluka banzi wamafuta. Mudzaona nokha mwezi wa Okutobala kuno ku Harare, kukatentha mvula isanagwe, momwe ophika anu azidzathamangira pakati pa tebulo ndi firiji, komanso momwe nkhope zawo zimagwera magetsi akazima ufa uli m'kati. Kasitomala akadzadandaula kuti croissant wakwera mtengo kuposa mabanzi ndi masikono, mudzamufotokozere za batala weniweni ndi ntchito imene nthawi zambiri imayamba dzulo lake. Agogo athu ambiri amene anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, makamaka nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, anali makhukhi m'nyumba ndi m'mahotela a Salisbury, ndipo manja awo ankadziwa ufa. Mukulowa m'ntchito imene anthu a kwathu akhala akuigwira mumzinda uno kwa nthawi yaitali, ndipo muinyadire.

Umboni woti dzinali linasiyana ndi maonekedwe ndi wakuti croissant ambiri masiku ano ndi owongoka. Ku France kuli chizolowezi, ngakhale si onse amachitsata, choti wa batala weniweni amakhala wowongoka ndipo wa majarini ndiye amapindidwa. Mu 2016 sitolo za Tesco ku Britain zinasiya kupanga opindika n'kuyamba kugulitsa owongoka okha, ponena kuti makasitomala savutika kupakapo jamu. Wowongokayo ndi croissant ndithu, koma palibe angamutche crescent. Kwinaku, ku America kuli zimene amati crescent rolls, zimene kampani ya Pillsbury imagulitsa zosaphika m'zitini kuti anthu akaphike kunyumba. N'zopindika, koma n'zofewa ngati buledi ndipo zilibe kuthetheka kwa croissant. Mukaona dzinali pa intaneti kapena m'buku la zophika la ku America musaganize kuti abwana anu analakwitsa. Ndi chakudya china.

Tsopano katchulidwe. Crescent ndi wosavuta: kre-sent, mphamvu pa kre, c wachiwiri osamutchula. Angelezi ena amati kre-zent, ndipo nazonso n'zololedwa. Croissant ndiye amaopsa anthu, koma ife Achewa tili ndi mwayi. M'Chifalansa oi amatchulidwa wa, ndipo kwa tili naye kale m'mawu ngati kwathu ndi kwawo. Yambani ndi kwa ameneyo. Mfalansa amaikapo r wa pakhosi, krwa, koma Angelezi ambiri amangoti kwa ndipo palibe amawadzudzula. Gawo lachiwiri ndi sa kapena so wotulukira m'mphuno, ngati mukufuna kunena nsonga koma mwaima musanafike pa ng. T wa kumapeto satchulidwa m'Chifalansa. Mukati kwa-son, n'kumeza n uja pang'ono, aliyense wa ku Avondale kapena ku Borrowdale akumvani. Anthu a ku America ambiri amatchula t, amati kra-sont, choncho kasitomala akatero musamukonze. Vuto limene ndaona mwa ophunzira anga kwa zaka zambiri ndi kufuna kutchula chilembo chilichonse, kuroyisanti, chifukwa Chichewa ndi Chishona zinatiphunzitsa kuwerenga zonse zolembedwa. Chizolowezicho n'chabwino m'zilankhulo zathu, koma Chifalansa chimalemba zilembo zambiri zimene zinasiya kutchulidwa kalekale.

Polemba pa bolodi samalani zinthu zitatu izi: o ndi i amatsatana, s ndi awiri, ndipo mathero ndi ant, osati ent ngati mu crescent. S wachiwiriyo musamusiye. M'Chifalansa s mmodzi pakati pa mavawelo amamveka z, ndipo croisant wa s mmodzi ndi liwu lina, lochokera ku croiser, kupingasa. Limenelo ndi mbale wa croix, mtanda, ndi cross wa Chingerezi, ndipo onsewa amachokera ku crux, liwu losiyana ndi crescere. Choncho amene amalemba crossant poganiza kuti pali ubale ndi hot cross buns za pa Isitala asokoneza mabanja awiri. Akakhala ambiri onjezani s kumapeto, croissants. Mukamacheza m'Chichewa ndi anzanu kukhitchini mutha kunena makwasoni monga timanenera masikono, palibe cholakwa, bola pa bolodi palembedwe zoyenera.

Chinthu chomaliza ndi choti mukachione nokha kumwamba, ndipo mukawaonetse agogo. Zithunzi zambiri za m'mabuku a sukulu zinajambulidwa ku Ulaya, kumene mwezi womakula umawala mbali ya kumanja. Harare ali kummwera kwa equator, pa madigiri pafupifupi 18, choncho kuno kachidutswa komakula kamawala pansi, nthawi zambiri chopendekera kumanzere, kamagona chagada ngati bwato pamwamba pa pomwe dzuwa lalowera. Mukakaona madzulo kumadzulo pobwera ku ntchito, ndiye hilal wa agogo, luna crescens wa Aroma, amene Afalansa amati premier croissant. Inu ogwira ntchito m'bekale mumadzuka kukadali mdima, ndiye muli ndi mwayi woona winayo amene ambiri amamuphonya ali m'tulo. Masiku awiri kapena atatu mwezi usanapite kumdima, mukamadikira kombi ku Mabvuku m'bandakucha, tembenukirani kum'mawa. Mudzaona kachidutswa kowonda katatsika pafupi ndi pomwe dzuwa litulukire. Angelezi amati waning crescent, Afalansa dernier croissant, ndipo makolo athu ankati mwezi uli kwa Chekechani.